Kodi mbale imeneyi inalakwa chiyani?

Mwana wa achemwali anga atafika kuchokera ku Joni mwezi wa Okutobala, anakhuthula chikwama pamkeka monga amachitira aliyense wochokera kumeneko. Munatuluka bulangete la mayi ake, foni ya mng'ono wake, ndi nsapato zanga zimene mpaka lero zikundithina. Pansi penipeni panali mbale imodzi ya pulasitiki, yamtundu wa papaya wakupsa. Mayi a kunyumba anaitola, n'kuitembenuza uku ndi uku, kenaka n'kugamula kuti ndi yosaya kwambiri, ndiwo za msuzi sizingakhalemo, koma mchere ndi tsabola ikhoza kusunga.

Mnyamatayo anaseka mpaka misozi.

"Si yodyera imeneyo, ndi yoponya."

"Yoponyera ndani?" ndinafunsa ine, chifukwa kwathu kuno mbale ikauluka ndiye kuti m'nyumba mwavuta.

"Saponyera munthu, amalume. Ndi masewera."

Ine ndine munthu wofunsa. Ndinabadwa dera lino la Balaka lidakali pansi pa Machinga, lisanakhale boma palokha mu 1998, ndipo zambiri zimene zandipeza m'moyo, kuyambira mjigo mpaka foni yotsetsereza chala, ndazidziwa chifukwa chosachita manyazi. Safunsa anadya phula. Tsono za mbale imeneyi ndinafunsa mwezi wathunthu, ndipo mafunso ena adakali pakhosi.

Masewerawo dzina lake akuti ndi disc golf. Mnyamatayu amagwira ntchito ya m'maluwa kwa bwana wina ku Johannesburg, ndipo Loweruka bwanayo amamutenga kupita kupaki kuti azikamunyamulira chikwama. M'pakimo anazikamo mizati yachitsulo, uliwonse uli ndi dengu lachitsulo m'chiuno ndi matcheni olendewera pamwamba pake. Munthu amaima patali n'kuponya mbale. Pamene yagwera amapita pomwepo n'kuponyanso, mpaka itagunda matcheni aja n'kugwera m'dengu. Akatero amalunjika dengu lina. Madengu amakhala 18, pena 9. Ndi m'bale wake wa gofu, uja amasewera mabwana ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi ndodo ndi kampira koyera, kungoti uyu safuna kapinga wometa bwino, m'tchire momwemo amaseweredwa.

"Wopambana amakhala ndani?"

"Amene waponya kochepa kuposa anzake."

"Ndiye kuti amene wasewera pang'ono ndiye katswiri?"

"Eya."

"Nanga ine amene sindinaponyepo n'kamodzi komwe?"

Anayang'ana mayi ake ngati akupempha thandizo.

Anayesa kundikonza kuti dzina lake lenileni si mbale, ndi chimbale. Apo ndinakana. Kuno ku Balaka, kwawo kwa Alleluya Band, kwawo kwa a Paul Banda ndi a Lucius Banda, chimbale timachidziwa: chimayimba. Ichi ndinachiika kukhutu, zii. Choncho pakhomo pathu dzina linakhala mbale, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti mayi a kunyumba sanaphonye kwenikweni. Mnyamata yemweyo, akuwerenga pafoni yake, anavomera kuti chinthuchi chinayambira kukhitchini. Mu 1937 mnyamata wina wa ku America, Walter Frederick Morrison, ankaponyerana ndi chibwenzi chake chivundikiro cha chitini cha mbuliwuli, kenaka n'kuyamba kuponya mbale zophikira makeke. Ophunzira a m'makoleji a kumeneko nawonso ankaponyerana mbale zachitsulo za kampani yophika ya Frisbie, ya mumzinda wa Bridgeport, akatha kudya zam'katimo. Kampani ya zidole ya Wham-O inagula nzeru ya Morrison, ndipo mu 1957 inatcha mbale yake ya pulasitiki dzina loti Frisbee. Munthu wina amene anagwirapo ntchito pakampaniyo, Ed Headrick, ndiye anakonza bwalo loyamba la masewerawa ku Oak Grove Park ku California mu 1975, n'kupanganso dengu la matcheni lija, ndipo mu 1976 anayambitsa bungwe lotchedwa PDGA limene limasunga malamulo ake mpaka lero.

"Ndiye kuti anthu anadya, atakhuta n'kuyamba kuponya mbale?"

"Tingatero."

"Anali atatsuka?" Funso limeneli linali la mayi a kunyumba.

Chimene chinandizunguza mutu ndi chikwama cha bwana uja. Akuti mumakhala mbale zoposa khumi, za munthu mmodzi. Ina ndi yakuthwa m'mphepete, yoponya kutali. Ina ndi yapakatikati. Ina ndi yonenepa milomo, yolowetsera m'dengu ukafika pafupi. Zambiri amazidinda manambala anayi onena za liwiro lake, mmene imayandamira mumphepo, ndi kumene imakhotera poyamba ndi pomaliza. Lamulo limati isalemere kupitirira magalamu 200, ndipo m'mimba mwake isachepere masentimita 21. Yathuyi kunsi kwake analembako 172 ndi cholembera. Pakhomo pathu kukabwera alendo, ana amadikira akulu amalize kudya kuti mbale zipezeke. Zimenezi sindinanene mokweza.

Ana a m'mudzi sanachedwe kuizolowera. Dengu lachitsulo tinalibe, choncho anamangirira dengu lakale lansungwi kunthambi ya mango, ndipo njira yopita kumeneko inadutsa pa mlambe waukulu uli kuseri kwa khola la mbuzi. Mlambe sulewa. Pomatha sabata m'mphepete mwa mbale munali mabala okhaokha, timapulasitiki titatukuka ngati mamba a chambo. Kenaka tsiku lina mphepo inaitenga n'kukaisiya padenga la malata, ndipo inagona kumeneko masiku atatu tisanapeze wobwereka makwerero. Amene anakhalako ku Balaka mwezi wa Okutobala akudziwa zimene malata amachita masana. Inatsika itapotoka ngati lichero lakale.

Apa mnyamata uja anandisangalatsa, chifukwa ndinaona kuti Joni sanamudule manja. Anatereka madzi, atatsala pang'ono kuwira anawathira m'beseni n'kumizamo mbale ija. Inakhalamo nthawi yokwana kumwa kapu ya tiyi. Poivuula inali itafewa ngati chikopa chonyowa. Anaivundikira patebulo, n'kusanjikapo thabwa losalala, pamwamba pa thabwa poto wodzaza madzi, ndipo analamula kuti pasapezeke woigusa mpaka m'mawa. Kutacha inali itawongoka. Mabala a m'mphepete aja anawapala ndi sandipepa wosalala, pang'onopang'ono, akuyendetsa chala kuti amve ngati patsala pokanda. Ndinamuuza kuti alimbitse dzanja amalize msanga.

"Ayi amalume, lamulo limalola kupala pang'ono chabe. Ukapala kwambiri yasanduka yoletsedwa."

"Pang'onopo amathera pati?"

"Pang'ono basi."

"Alipo amene amabwera kudzayeza fumbi lake?"

Lamulo limenelo ndinaliyesa nthabwala, osadziwa kuti likundidikira kutsogolo.

Amene anatikumanitsa ndi galu wathu. Mbale itagwera pafupi ndi pamene amagona, iye anaganiza zomwe zija anaganiza mayi a kunyumba tsiku loyamba. Pomulanda n'kuti mano awiri atabowola, ndipo mng'alu unayambira pabowo limodzi kulowera pakati, wotalika ngati chala changa chamkombaphala. Mwini wake anaikweza padzuwa, kuwala kukudutsa m'mabowo, n'kupukusa mutu.

"Yatha iyi. Ingotayani, ndidzabweretsa ina ulendo winawo."

Titaye? Pakhomo pathu beseni losambira lili ndi zigamba zitatu. Ndowa yotungira kumjigo inasokedwa ndi waya. Mpando wa pulasitiki umene iye anakhalira ponena mawu amenewa, mwendo wake umodzi ndi womanga ndi mphira wa chubu. Mphika wadothi ukasweka sititaya, phale lake timakazingira mtedza, kaphale kakang'ono atsikana amasewerera phada. Ndiye chinthu choti chakwera basi masiku awiri, chadutsa Beitbridge, chadutsa Nyamapanda, chawoloka Zambezi pa Tete mpaka kulowa pa Mwanza, titaye chifukwa cha mano awiri a galu?

Usiku ndinayesa ndekha ndi supa guluu. Zala zanga anagwira bwino kwambiri. Mbale sanaigwire.

M'mawa ndinakwera kabaza, kuwoloka njanji, kupita kumsika wa Balaka. Kumeneko kuli anthu amene amadya chifukwa choti zinthu zimawonongeka: osoka nsapato, okonza maambulera, owotcherera njinga, anyamata otsegula mafoni ndi kasikuludiraiva kochepa ngati singano. Amisiri omata zidebe amakhala chakumapeto, pansi pa mtengo, mphepo ikuwomba kuchokera kumsana kwawo. Zida zawo zonse zingakwane m'jumbo imodzi: mbaula ya makala, mipeni itatu yakale yothyoka nsonga imene imagona pamoto mosinthana, msomali wokhomera pakamtengo, pulayala, ndi kamtolo ka waya woonda. Chuma chawo chenicheni ndi mulu uli pambali, zidutswa za mabeseni, zigubu, mipando ndi makapu, zimene wodutsa angaziyese zinyalala zodikira moto.

"Chivundikiro cha chiyani ichi, achimwene?"

"Si chivundikiro, amisiri. Ndi mbale youluka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, amayi awiri amene anali pamzere n'kusendera uko.

"Zouluka ine sindimata."

Ndinachita kulumbira kuti imauluka masana dzuwa likuswa mtengo, ana akuona, ndiponso simukwera munthu. Apo ndi pamene anailandira. Anaipinda pang'ono, kuigogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu, kenaka anakhudzitsa nsonga ya mpeni wotentha kunsi kwake n'kununkhiza utsi. Ndinafunsa chimene akufuna kumva.

"Mtundu wake. Pulasitiki ali ndi mitundu ngati anthu. Wa chigubu amamvana ndi wa chigubu mnzake, wa beseni ndi wa beseni. Mukawakakamiza ukwati, lero agwirana, mawa asiyana panjira ya kumjigo madzi ali pamutu."

Wa chigubu, anatero, akapsa amanunkha ngati kandulo. Wa botolo la zakumwa ndi wamwano, amangokwinyika osagwira kanthu. Aphunzitsi a sayansi amene timapemphera nawo anadzandiuza pambuyo pake kuti zimene amisiri amamva ndi mphuno zinalembedwa kunsi kwa ziwiya zambiri, m'kachizindikiro ka ngodya zitatu: 1 ndi wa mabotolo a zakumwa, 2 ndi wa zigubu, 5 ndi wa mabeseni ambiri ndi mipando. Wa nambala 2 amasungunuka kutentha kukafika madigiri cha m'ma 130, wa nambala 5 cha m'ma 160, pamene madzi amawira pa 100, n'chifukwa chake madzi otentha aja anangofewetsa mbale osaisungunula. Anatinso 2 ndi 5 ndi oterera mwachibadwa, guluu wamba sawagwira. Ndinafunsa chifukwa chake ogulitsa supa guluu satiuza zimenezi. Aphunzitsi anati ndikafunse ogulitsawo.

Mbale yathu inalibe kachizindikiro koteroko. Amisiri anayesa tizidutswa titatu kunsi kwake. Koyamba kanamatuka ndi chikhadabo, kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu, kochokera ku chivundikiro cha ndowa yobiriwira, kanakakamira. Koma asanayambe kumata anatenthetsa msomali uja n'kubowola kabowo kumapeto kwenikweni kwa mng'alu.

"Amisiri, ndabwera ndi mabowo awiri, inu mukundiwonjezera lachitatu?"

"Mng'alu uli ngati mphekesera, umayenda mpaka utapeza poima. Ndaupatsa poima."

Anadula tiwaya tiwiri, kutipinda nsonga zonse, kutitenthetsa, n'kutimiza mopingasa mng'alu kuti milomo yake igwirane. Kenaka mpeni wotentha unayenda mumng'alumo, kachidutswa kobiriwira kakusungunuka pambuyo pake ngati phula, iwo akusalaza ndi chala chonyowetsa m'madzi pakadali pofewa. Mpeni ukazirala ankaubweza pamakala n'kutenga unzake, osayang'ana n'komwe, dzanja likudziwa lokha umene wapsa. Mabowo a galu anawadzaza komaliza, n'kupala zotsalira ndi mpeni wozizira. Utsi wa ntchito imeneyi ndi woipa, wokanda kukhosi, ndipo amisiriwo ali ndi chifuwa chimene sindinachikonde. Ndinawafunsa ngati sichichokera mu utsiwo. Anati n'kutheka, koma njala nayonso ili ndi chifuwa chake.

Podikira kuti mbale izizire ndinaona chinthu chimene sindinkayembekezera. Mmodzi wa amayi aja anapereka beseni lofiira lotumbuluka, long'aluka pang'ono chabe pamlomo. Amisiri analitsina ndi zala ziwiri, kachidutswa n'kuthetheka ngati chikamba cha nsima chouma.

"Ili ayi, mayi. Ladyedwa ndi dzuwa. Ndikamata apa ling'aluka apo, mudzanditukwana. Kadyetserenimo nkhuku."

Ndiye kuti nawonso ali ndi mawu aja oti chatha. Koma iwo anachita kutsina kaye, ndipo ngakhale pokana anauza mayiwo ntchito ina imene beseni lingagwire. Akuti pulasitiki wokhalitsa padzuwa amauma mafuta, n'chifukwa chake ndowa yosiyidwa pabwalo imafa msanga kuposa yosungidwa pakhonde. Ndinalipira ndalama yochepa kuposa imene ndinapatsa wakabaza.

Ndinafika kunyumba ngati mlenje amene wapha nguluwe. Mbale inali ndi chipsera chobiriwira kunsi, koma pamwamba munthu amachita kuyang'anitsitsa. Kamtsikana ka achimwene anga kanaiponya. Inanyamuka bwinobwino, kungoti chakumapeto inagwera kumanzere msanga kuposa kale. Ana anakuwa. Mwini wake anaitembenuza, kuona waya ndi chigamba, n'kunena ndi ulemu wonse:

"Mwayesetsa amalume, koma pampikisano singaloledwe."

"Chifukwa?"

"Lamulo limati mbale yong'aluka kapena yobowoka ndi yoletsedwa."

"Si ndiye ndamata? Mng'alu uli pati?"

"Limatinso usawonjezerepo chilichonse chimene chala chingamve kuti chatundumuka. Ngakhale penti amakana, amalola inki yolembera dzina. Ukaponya mbale yotere amakupatsa kuponya kuwiri."

"Si zabwino zimenezo? Waponya kamodzi, akupatsa mwayi wina kawiri?"

"Ayi, amakulembera ngati waponya kawiri pamene sunaponye. Ndi chilango."

"Ndiye ikang'aluka yalakwa, ikamatidwa yalakwanso. Ichite chiyani kuti ikhale yosalakwa?"

"Isang'aluke."

Ndakhalapo pabwalo la amfumu kambirimbiri, koma mlandu wopanda potulukira ngati umenewu sindinaumvepo.

Chimene chinandimaliza ndi ichi. Mnyamata yemweyo anandiuza kuti akatswiri ambiri sakonda mbale yongochoka m'sitolo. Yatsopano imakhala yaliuma. Imene yagunda mitengo miyezi yambiri, yokalikakalika, imauluka mwina: woponya ndi dzanja lamanja amaiona ikuyamba yapendekera kumanja isanabwerere kumanzere, ndipo pali malo ena m'nkhalango amene mbale yotere yokha ndiyo ingadutse. Bwana wake akuti ali ndi ina yakalekale imene ikagwera m'dziwe amavula nsapato kukaisaka. Kutha kotereku lamulo limalola. Tsono mlambe ukasintha kaulukidwe ka mbale, palibe mlandu. Amisiri akasintha, mlandu. Kodi mlambe uli ndi chiphaso chanji chimene amisiri alibe? Iye anati kusiyana kwake n'koti mlambe suchita dala. Nanga munthu akamaiponyera dala pamlambe, m'mawa ndi madzulo, kuti ikalambe msanga? Anati zimenezo si zabwino, koma palibe angadziwe. Ndiye kuti lamulo limagwira yekhayo amene chigamba chake chikuoneka?

Pofuna kundisonyeza mmene anthuwa amalemekezera masewera awo, anandiuza nkhani imene inandichititsa kuika kapu pansi. Ed Headrick uja atamwalira mu 2002, thupi lake analitentha monga amachitira ena kumeneko, ndipo phulusa lake, mwa kufuna kwake mwini, analisakaniza ndi pulasitiki n'kuumba mbale zingapo. Mayi a kunyumba anagwira pakamwa n'kufunsa ngati yathuyi ili m'gulu lomwelo. Anawatsimikizira kuti ayi, koma kuyambira tsiku limenelo salola kuti ilowe m'khitchini. Ine funso langa linali lina. Phulusa la munthu likhoza kulowa m'mbale, koma kachidutswa ka ndowa ayi? Yankho linali loti phulusa linalowa kufakitale, mbale isanabadwe, pamene chigamba chabwera itatuluka kale. Ndiye kuti nkhani si chimene chalowa, koma amene wachilowetsa?

Ndisaname, mbali ina ndinaimvetsa, ndipo chimene chinandithandiza ndi thonje. Ife amene talimapo thonje kuno tikudziwa zimene zimachitika pamene sikelo yakumana ndi ndalama. Wogula wina amaseweretsa sikelo, mlimi wina amawaza madzi kapena kubisa mchenga pakati pa thumba, n'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo. M'masewera a mbalewa namonso muli ndalama. Mu 2021 katswiri wina wa ku America, Paul McBeth, anasayina pangano la zaka 10 ndi kampani yopanga mbalezi ya Discraft, la madola 10 miliyoni. Pamene pali ndalama zotero, munthu akhoza kubisa kachitsulo m'chigamba kuti mbale yake iziboola mphepo kuposa za anzake, n'kumati ine ndimangomata. Woweruza sangang'ambe chigamba chilichonse kuti aone zam'kati. Chapafupi kwa iye ndi kukana zigamba zonse. Apo ndinagwedeza mutu, ndipo ndinakumbukiranso kuti m'chigamba chathu mulidi waya.

Koma pansi pa mango pathu palibe dola ngakhale imodzi. Iye mwini anati lamulo ndi la pampikisano. Nanga bwanji anati titaye? Mpikisano wake uti, kuseri kwa khola la mbuzi? Lamulo la anthu olimbirana mamiliyoni linakwera bwanji basi limodzi ndi mbale, osalipira, mpaka kudzatsika pa Balaka?

Masewera athu a kumudzi sindinawaonepo akukana chigamba. Mpira wachikopa ukaphulika timapita nawo kwa osoka nsapato, chubu chake amamata ngati cha njinga, ndipo Lamulungu umalowa m'bwalo uli ndi chotupa mbali imodzi, matimu onse awiri akudziwa kumene umadumphira. Pabawo nkhomo ikasowa timaikapo kamwala, masewera n'kupitirira. Mpira wa ana, wa chikulunga, ndi zigamba zokhazokha, majumbo okulungiza n'kumanga ndi zingwe. Boma linaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma ana a kuno sindinawamvepo akudandaula kuti zopangira mpira zasowa.

Komanso ndisadzitame. Sitimata chifukwa choti ndife anzeru kuposa anzathu. Ndowa yomata imadzadonthabe tsiku lina, ndipo mayi a kunyumba atawaikira pamaso beseni la zigamba zitatu ndi latsopano kuti asankhe, sangayambe afunsa maganizo anga. Ndikudziwanso kuti pa Kamuzu Stadium mpira wa chotupa sungalowe. Chimene chikundivuta ndi liwu lija lokha, loti yatha. Mbale ikuuluka, ana akuithamangira, dengu likuilandira. Yathera ndani?

Mnyamata uja anabwerera ku Joni mvula isanagwe. Mbale inatsala. Kamtsikana kaja kanaiphunzira khalidwe lake latsopano: kakafuna dengu kamalunjika chimbudzi, mbale imapita ngati ikukalowadi kumeneko, kenaka chigamba chimaikokera kumanzere mpaka m'dengu. Anyamata akuluakulu amene amalunjika dengu lenilenilo amakatola mbale m'munda wa chinangwa. Ndinamutumizira uthenga mwini wake kufunsa ngati mwanayu akuwina kapena akuphwanya lamulo. Anandiyankha ndi kankhope koseka.

Sabata yatha ndinapitanso kumsika ndi ndowa ija ya waya, yayambanso kudontha pansi. Amisiri anandizindikira ndili patali.

"Achimwene a mbale youluka! Ikuuluka?"

Ndinawauza kuti ikuuluka, kenaka ndinawafotokozera lamulo lonse monga ndinalimvera, za mng'alu, za chigamba, za kuponya kuwiri kumene munthu sanaponye. Anamvetsera akutembenuza mpeni pamakala.

"Amasewera anthu ambiri zimenezi?"

"Ambiri. Ku America, ku Finland, ngakhale ku Joni komweko."

"Ndipo aliyense ali ndi chikwama chodzaza?"

"Akutero."

"Ikang'aluka amataya?"

"Mwanayo anatero."

"Amataya kuti?"

Anafunsa motsitsa mawu, ngati munthu amene wamva kumene kukugulitsidwa chimanga chotchipa ndipo safuna kuti oyandikana nawo amve. Kenaka analoza mulu wawo uja ndi mpeni.

"Pulasitiki uja ndi wabwino, achimwene, wonenepa, dzuwa silinamudye. Mukamuimbira mwanayo mumuuze kuti ulendo winawo asadzavutike n'kugula yatsopano. Adzatolere zong'alukazo kwa abwana akewo ndi anzawo, adzadzaze chikwama. Za basi ndidzathandizako."